Ndilipirirenji Matenda a Munthu Wina?

Funso la wowerenga:

"Ndimagwira ntchito, ndipo mwezi uliwonse msonkho umadulidwa pa malipiro anga ndisanawagwire n'komwe. Sindisuta, sindimwa mowa, ndimadzisamalira. Masiku ano ndikumva kawirikawiri zoti munthu aliyense azilandira thandizo la chipatala kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Chilungamo chili pati kuti ine ndizilipirira munthu amene wadziwononga yekha ndi fodya kapena mowa, kapena amene sagwira ntchito? Komanso zaulere zimabwera ndi mizere italiitali ndi kusowa kwa mankhwala. Kodi si bwino kuti aliyense azidzilipirira, boma lizingothandiza osaukitsitsa okha?"

Yankho:

Zikomo bambo pofunsa mosapita m'mbali. Anthu ambiri ali ndi maganizo ngati anuwa, kungoti amawanenera kuseri. Ine ndimagwira ntchito za umoyo, ndipo mbali yanga sindibisa: munthu aliyense ayenera kupeza thandizo la chipatala limene akufunikira popanda kusauka nalo. Komabe sindikutsutsani pa zonse, chifukwa pena mwalasa.

Mwalasa poona kuti zaulere kulibe. Namwino amalandira malipiro, mankhwala amagulidwa, ambulansi imamwa mafuta, magetsi a m'chipinda cha opaleshoni amabwera ndi bilu. Nthawi zonse pali amene akulipira. Nkhani yagona pa tsiku limene ndalamayo ituluke m'thumba la munthu, ndiponso pa muyeso umene tigwiritse ntchito pomuuza kuti apereke zingati. Njira ina ndi yoti munthu azilipira tsiku limene wadwala, molingana ndi kukula kwa matenda ake. Inayo ndi yoti anthu onse azisonkha adakali bwino, aliyense molingana ndi zimene amapeza, ndipo akadwala azilandira molingana ndi vuto lake. Tikamanena za thandizo la zaumoyo kwa onse timanena njira yachiwiriyi, kaya ndalamazo zasonkhedwa kudzera mu msonkho kaya kudzera mu inshuwaransi imene lamulo limati aliyense alowemo.

Tiyeni tione kaye zimene zenera lolipirira limachita kwa wodwala. Mwana wayamba kutentha thupi usiku. Mayi ake akudziwa kuti kuchipatala kukafunika ndalama yoonanirana ndi dokotala, yoyezetsa magazi, ya mankhwala, kuonjezera pa yoyendera. Sakudziwa ngati kutenthaku ndi chimfine chotha chokha, malungo kapena chibayo. Ndiye amachita zimene munthu wanzeru aliyense wopanda ndalama angachite, amati tione mawa. Mawa lake amagula timapiritsi toziziritsa thupi. Mkuja mwana wayamba kubanika, nthiti zikulowa mkati akamakoka mpweya, bere wakana. Apo m'pamene mayi amakongola ndalama n'kuthamanga naye. Chibayo chimene Lolemba chikanatha ndi mankhwala akumwa otsika mtengo, pofika Lachinayi chikufuna bedi, okosijeni ndi jakisoni wa mumtsempha, ndipo nthawi zina chimakhala chitafika posabwerera. Mayiyu sanalekerere mwana wake. Anasenzetsedwa ntchito ya dokotala, yosiyanitsa matenda oopsa ndi osaopsa, ali yekha pakati pa usiku, akudziwa kuti akapita pachabe banja lonse ligona ndi njala.

Kwa akuluakulu zimachitika mwakachetechete. Munthu wothamanga magazi samva kupweteka kulikonse, choncho ndalama zikachepa amayamba kuthyola piritsi pakati, kenako kudumphitsa masiku, kenako kusiyiratu. Wa matenda a shuga amachepetsa mlingo wa insulini kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi. Pakapita zaka timawalandira atafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, kapena impso zitasiya kugwira ntchito, kapena phazi litaola lofunika kudula. Ndalama imene inapulumuka pa mapiritsi imatuluka kuchulukitsa kambirimbiri, ndipo pa nthawiyo amene ankadyetsa banja ndi amene akudyetsedwa.

Mu 1963 katswiri wa zachuma wa ku America, Kenneth Arrow, analongosola chifukwa chake thandizo la chipatala silimvera malamulo a msika ngati katundu wina. Wogula sadziwa tsiku limene adzalifune, sadziwa kuti adzafuna lochuluka bwanji, ndipo wogulitsa ndi amene amadziwa chimene wogulayo akufunikira. Munthu amene mtima wamugwira usiku sayendayenda kufunsa mitengo, ndipo sanganene kuti ndibwera mwezi ukatha. Chinanso, matenda sagawidwa mofanana. Ku United States, anthu 5 okha pa 100 aliwonse ndi amene amathera pafupifupi theka la ndalama zonse za chipatala pa chaka, pamene theka la anthu onse limangogwiritsa ntchito kagawo kochepa zedi. Palibe amene amadziwiratu gulu limene adzakhalemo chaka chamawa. Munthu wa malipiro ngati inu akhoza kulipira malungo, dzino kapena mkono wothyoka. Koma khansa, ngozi ya pamsewu yofuna maopaleshoni angapo, kapena mwana wobadwa masiku asanakwane amene agone miyezi m'chipinda cha makanda, zimenezi zimagwetsa ngakhale banja lopeza bwino. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo inshuwaransi ya mtundu uliwonse yaima pa mfundo imeneyi.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa. Lipoti la 2023 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi World Bank linati mu 2021 anthu pafupifupi 4.5 biliyoni, oposa theka la anthu onse padziko, sankapeza mokwanira thandizo lofunikira la zaumoyo. Anthu pafupifupi 1 biliyoni ankataya ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a bajeti ya banja lawo polipira chipatala kuchokera m'thumba, ndipo mu 2019 anthu 344 miliyoni anakankhidwira mu umphawi wadzaoneni, kapena kumizidwa kwambiri m'menemo, chifukwa cha mabilu amenewa. Munthu amachira thupi n'kutuluka m'chipatala ali ndi ngongole, katundu atagulitsa, ana atasiya sukulu.

Maganizo oti aliyense azilipirako pang'ono anayesedwa kale, ndipo ambiri mwa amene anawayesa ankafuna zabwino. Mu 1987 World Bank inalimbikitsa mayiko osauka kuti ayambe kulipiritsa odwala m'zipatala za boma. Chaka chomwecho nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana ku Bamako, m'dziko la Mali, kuti anthu azilipira mankhwala ndipo ndalamazo zizigulira ena. Chiyembekezo chinali chakuti zipatala zipeza ndalama, mankhwala azipezeka, ndipo obwera ndi tizifukwa tachabechabe asiya kubwera. M'mayiko ambiri ndalama zotoleredwa zinali zochepa poyerekeza ndi bajeti ya zaumoyo, ndipo amene anasiya kubwera anali osauka. Uganda itachotsa malipirowa mu 2001, odwala obwera kuzipatala za boma anachuluka nthawi yomweyo, makamaka ochokera m'mabanja osauka. Anthu amenewa ankadwala kale, kungoti ankadwalira kunyumba kumene palibe ankawawerenga. Burundi inachotsa malipiro a amayi ochira ndi ana osakwana zaka zisanu mu 2006, ndipo Sierra Leone inachita zofanana mu 2010.

Ofufuza anayesanso mwadala kuti aone chimene kamtengo kochepa kamachita. Kumadzulo kwa Kenya, Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas anapereka masikito kwa amayi oyembekezera, kwina kwaulere kwina pa mitengo yosakwana dola imodzi. Kamtengo kameneko kanabweza amayi ambiri, ndipo amene analipira sanagone m'masikitowo mokhulupirika kuposa amene analandira ulere, zimene zinatsutsa chikhulupiriro chakuti munthu amasamala chokhacho chimene wagula. M'dziko lomwelo, mankhwala a njoka za m'mimba atayamba kulipiritsidwa m'masukulu ena, ana olandira anatsika kuchoka pa atatu mwa anayi aliwonse kufika pa mmodzi mwa asanu aliwonse. Kafukufuku wamkulu wa bungwe la RAND ku United States, amene anatha mu 1982, anapeza kuti mabanja olipiritsidwa ankapita kuchipatala mocheperapo, ndipo kwa munthu wathanzi wopeza bwino zimenezi sizinavulaze kwenikweni. Apa ndikupatsani mfundo yanu. Koma anapezanso kuti anthu ankasiya thandizo lofunikira ndi losafunikira mofanana, chifukwa wodwala sangathe kusiyanitsa, ndipo osauka othamanga magazi zinawayendera bwino pamene sankalipira. Mtengo ndi sefa yosasankha matenda, imangosankha matumba.

Tsopano za wosuta ndi chidakwa, pamene ndikuona kuti mtima wanu ukuwawa kwambiri. Ndikumvetsa, palibe amene amasangalala kusenza katundu wa munthu amene akudziwonjezera dala. Koma taganizirani mmene lamulo loti wodzichititsa adzilipirire lingagwirire ntchito m'wodi. Munthu wabwera ndi matenda a mtima. Anasuta zaka khumi n'kusiya, bambo ake anamwalira ndi mtima womwewo asanakalambe, ndipo iye wagwira ntchito m'fumbi ndi mu utsi moyo wake wonse. Ndi dokotala uti anganene kuti fodya wachititsa magawo angati, chibadwa angati, ntchito angati? Sayansi imatiuza za chiopsezo pa gulu la anthu, siingathe kuloza munthu mmodzi n'kulumbira kuti uyu akanapanda kusuta sakanadwala. Osuta ambiri anayamba ali achinyamata, asanakwanitse zaka 20, ndipo nikotini akagwira munthu samusiya wamba. Nanga mzerewo tikauyamba tidzaulekezera pati? Wonenepa kwambiri, wokwera njinga yamoto, wosewera mpira amene wathyoka mwendo, dalaivala amene anapitirira liwiro pang'ono, mayi amene watenga pakati atapitirira zaka 40, munthu amene anatenga HIV, onsewa wina akhoza kuwauza kuti mwadzichititsa. Aliyense wa ife ali ndi kake.

Choopsa kuposa apa n'chakuti dokotala akasanduka woweruza, odwala amayamba kunama. Womwa amati samwa, ndipo timam'patsa mankhwala olemetsa chiwindi chimene chatopa kale, kapena timam'chita opaleshoni osakonzekera kunjenjemera ndi kukomoka kumene kumabwera thupi likasowa mowa mwadzidzidzi. Ntchito yathu imayenda chifukwa wodwala amanena zoona podziwa kuti sitimubweza.

Sindikunena kuti wosuta asalipire kanthu. Alipire ndithu, koma malo ake ndi pogula fodya. Msonkho wa fodya ndi mowa umapeza munthu pa nthawi imene akusankha, ali ndi mphamvu zake, ndipo umachepetsa kusuta makamaka pakati pa achinyamata. Thailand inakhazikitsa mu 2001 thumba lolimbikitsa umoyo limene limalandira 2 peresenti yoonjezera pa msonkho wa fodya ndi mowa. Philippines inakweza msonkho womwewo mu 2012 n'kugwiritsa ntchito mbali yaikulu ya ndalama zatsopanozo kulipirira osauka inshuwaransi ya zaumoyo. Chilungamo chimene mukufunacho chimapezeka motero, popanda kusiya munthu akubanika pakhomo.

Za wosagwira ntchito ndinena mwachidule. Tikawerenga amene sali pa ntchito yolembedwa timapeza ana, okalamba, olumala, amene akulera ana kapena kudwazika makolo, alimi ndi a malonda ang'onoang'ono amene amakhoma msonkho pa zimene amagula ngakhale alibe pepala la malipiro, ndiponso anthu amene ntchito inawathera chifukwa cha matenda omwewo. Waulesi weniweni alimo, koma ndi wochepa, ndipo mwana wake sanasankhe kholo. Inunso munabayidwa katemera musanakhome msonkho ngakhale umodzi, ndipo mukakalamba mudzafuna chipatala kwambiri pa nthawi imene malipiro adzakhale atasiya.

Ndikanatha kukukopani ndi phindu lanu lokha. TB ya mnansi wanu ikapanda kuchizidwa imafika kwa inu, ndipo chikuku chimafuna kuti ana pafupifupi 95 pa 100 aliwonse abayidwe katemera kuti chisafalikire. Zonsezi n'zoona, koma si maziko anga. Khansa ya m'mawere ya mayi wosauka siipatsirana, komabe ndikunena kuti ayenera kuthandizidwa. Chifukwa chake n'chakuti thanzi ndi limene limatsegula kapena kutseka mwayi wina wonse, mfundo imene katswiri wa maganizo Norman Daniels anaikulitsa kwambiri. Mwana amene wagontha chifukwa khutu lake linatuluka mafinya miyezi yambiri osachizidwa wataya zambiri kuposa kumva: sukulu imamuvuta, ntchito zambiri zimamutsekekera, ndipo sanalakwe kanthu. Katswiri amene Daniels anatengerako maganizo amenewa, John Rawls, mu 1971 anapereka njira yoyesera chilungamo cha lamulo. Yerekezani kuti mukusankha malamulo a dziko musanadziwe kuti mudzabadwa ndani, wolemera kapena wosauka, wathanzi kapena wa mtima woboola, mumzinda kapena kutali ndi msewu. Ine sindikhulupirira kuti mungasankhe lamulo loti wopanda ndalama azibwezedwa pakhomo. Mayiko anavomereza mfundoyi polemba: m'malamulo oyambitsira WHO a mu 1946, mu ndime 25 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948, pa msonkhano wa zaumoyo wa mayiko ku Alma-Ata mu 1978, ndiponso m'zolinga za chitukuko za United Nations za mu 2015. Kulemba ndi kuchita n'zosiyana, koma lonjezolo lilipo.

Maganizo anu oti boma lizingothandiza osaukitsitsa amamveka osamala ndalama, ndipo ndi ofunika kuwayankha mofatsa. Vuto loyamba ndi kudziwa wosaukitsitsayo. Kumene anthu ambiri alibe malipiro olembedwa, mndandanda wa osauka umadumpha oyenera n'kulowetsa osayenera, ndipo umakalamba msanga, chifukwa amene anali bwino chaka chatha akhoza kukhala atagwa chaka chino. Ovutika kwambiri amakhala amene ali pamwamba pang'ono pa mzere, osauka mosakwanira kulandira khadi koma osalemera mokwanira kulipira opaleshoni. Ndipo chipatala chikadziwika kuti ndi cha osauka okha, amene ali ndi mawu m'dziko salowamo, ndiye denga likadontha palibe wodandaula amene amamveka. Kuuza otsalawo kuti agule okha inshuwaransi mwa kufuna kwawo nakonso sikufikitsa patali: athanzi amazengereza, odwala amathamangira, mtengo umakwera, athanzi enanso amatuluka, mpaka thumba limaphwa. Thailand inayenda njira imeneyi kwa zaka zambiri, ndi khadi la osauka kuyambira 1975 ndi khadi logula mwakufuna pambuyo pake, koma pofika 2001 anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse analibe chitetezo chilichonse. Mpata unatsekeka mu 2002 pamene boma linalowetsa otsala onse m'ndondomeko imodzi yolipiridwa ndi msonkho. United States, imene imaphatikiza inshuwaransi ya kuntchito, yogula wekha, ya okalamba ndi ya osauka, imathera pafupifupi 17 peresenti ya chuma chake chonse cha pa chaka pa zaumoyo, kuposa dziko lina lililonse lolemera, komabe mu 2023 anthu ake pafupifupi 26 miliyoni analibe inshuwaransi.

Za mizere ndi kusowa kwa mankhwala sindikutsutsani, ndipo zimandipweteka ine monga zimakupwetekerani. Chipatala chimene chalemba kuti n'chaulere koma wodwala akupatsidwa kapepala kuti akagule yekha mankhwala, magolovesi ndi ulusi wosokera, chimenecho chikulipiritsabe, kungoti zenera lasamukira panja. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya Lancet Global Health anawerengera mu 2018 kuti m'mayiko osauka ndi apakati anthu 8.6 miliyoni amafa pa chaka ndi matenda ochizika, ndipo mwa amenewa 5 miliyoni amafa atafika kuchipatala n'kulandira thandizo losakwanira, pamene 3.6 miliyoni amafa osafikako. Kutsegula chitseko kokha sikupulumutsa munthu. Koma mankhwala a vuto limeneli ndi ndalama zokwanira zosonkhedwa pasadakhale ndi kuziyang'anira bwino. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ndi ochepa amene anafikapo. WHO inayerekeza mu 2010 kuti pakati pa 20 ndi 40 peresenti ya ndalama za zaumoyo padziko imatayika chifukwa cha mankhwala ogulidwa mokwera, kuyeza kosafunikira, kuba ndi kusayendetsa bwino. Mukabwezeretsa malipiro, mzere umafupika inde, koma amene achokapo sanachire. Dokotala wa ku Britain, Julian Tudor Hart, analemba mu 1971 kuti thandizo labwino la chipatala limakonda kusowa kumene likufunika kwambiri, ndipo zimenezi zimakula kumene msika wapatsidwa ufulu wonse.

Pali mbali ina imene ife olimbikitsa thandizo kwa onse tiyenera kuinena poyera. Palibe dziko, ngakhale lolemera bwanji, limene lingapatse aliyense chilichonse chimene sayansi yatulukira. Kusankha kulipo ndipo kumawawa. Mu 1997 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ku South Africa linamva mlandu wa Thiagraj Soobramoney, bambo wa zaka 41 wa ku Durban amene sanali pa ntchito. Impso zake zinali zitasiya kugwira ntchito, ndipo analinso ndi matenda a shuga ndi a mtima. Chipatala cha boma chinali ndi makina ochepa otsukira magazi, ndipo chinkawasungira odwala amene impso zawo zikhoza kuchira kapena amene akhoza kuikidwa impso ina. Iye sankayenerera chifukwa cha matenda enawo. Anayamba walipira ku chipatala cha eni mpaka ndalama zinatha, kenako anapita kukhoti akudalira malamulo atsopano a dziko lake amene amanena za ufulu wopeza thandizo la zaumoyo. Khoti linamukanira, ponena kuti lamulo la chipatalacho linali lomveka, linkagwira aliyense mofanana, ndipo makina amene akanamusunga iye kwa nthawi yaitali akanathandiza anthu angapo ochizika. Anamwalira patangopita masiku ochepa. Mlandu umenewu sindiuwerenga ndi mtima wopepuka.

Patapita zaka zisanu, mu 2002, khoti lomwelo linagamula mosiyana pa mlandu umene linabweretsa bungwe la Treatment Action Campaign, lomenyera ufulu wa anthu amene ali ndi HIV. Boma linkapereka nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatenge HIV kwa mayi ake pobadwa, m'zipatala zochepa zosankhidwa. Mankhwalawo ankafunika mlingo umodzi kwa mayi ndi umodzi kwa khanda, ndipo kampani yowapanga inali itawapereka kwaulere. Khoti linati kuwamana enawo kunalibe chifukwa chomveka, ndipo linalamula kuti chiletsocho chichotsedwe. Milandu iwiriyi ikaikidwa pamodzi imaonetsa chimene ufulu umenewu uli. Suli lonjezo lakuti mudzalandira chilichonse. Ndi lonjezo lakuti mukakanizidwa, chifukwa chake chidzakhala chonenedwa poyera, chogwira wolemera ndi wosauka mofanana, ndipo mudzakhala ndi kokadandaula.

N'chifukwa chake mayiko amene akuchita bwino amakhazikitsa mabungwe oyeza phindu la mankhwala ndi mtengo wake, monga NICE ku Britain kuyambira 1999 ndi HITAP ku Thailand kuyambira 2007. Gulu la akatswiri a WHO linalangiza mu 2014 kuti n'kulakwa kukulitsa thandizo lodula lopulumutsa ochepa pamene thandizo lotsika mtengo lopulumutsa ambiri, monga katemera, azamba ophunzira ndi mankhwala a TB, silinafike kwa aliyense. Mndandanda umakula chuma chikamakula. Thailand sinayambe ndi kutsuka magazi kwa odwala impso, inakuwonjezera mu 2008, ndipo inayamba ndi njira yotsukira kudzera pamimba imene wodwala amachita kunyumba, kuti akutali ndi mizinda asatsalire.

Mwina mukuti zonsezi n'za mayiko olemera. Mbiri ikukana. Germany inayamba inshuwaransi ya antchito mu 1883, mu ulamuliro wa Otto von Bismarck, ndipo inakula pang'onopang'ono. Britain inatsegula NHS, ndondomeko ya boma yopereka thandizo la chipatala kwa onse, pa 5 July 1948, motsogoleredwa ndi Aneurin Bevan, dziko lili m'ngongole za nkhondo, chakudya chikugawidwa ndi makadi. Japan inafikitsa inshuwaransi kwa onse mu 1961, isanakhale Japan yolemera imene tikuidziwa lero. Thailand inachita zake patangopita zaka zisanu chuma chake chitagwa mu 1997. Rwanda inayamba kuyesa inshuwaransi ya m'midzi mu 1999, zaka zisanu chichitikireni kuphana kwa mu 1994, ndipo boma ndi othandiza analipirira osauka kwambiri. Mitengo nayonso si mwala. Mu 2000 mankhwala a ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu pa chaka, ndipo ambiri ankati Africa singakwanitse. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ikhoza kuwagulitsa pa madola 350, ndipo kugula kwa pamodzi kudzera mu Global Fund, imene inayamba mu 2002, kunawatsitsanso kwambiri. Thumba limodzi logulira anthu mamiliyoni limatha kunenerera mtengo, pamene wodwala mmodzi pa zenera amangolipira zimene wauzidwa.

Mkwiyo wanu monga wokhoma msonkho uli ndi malo ake, ndipo ndingakonde mutaulozetsa kumene ungagwire ntchito. Muli ndi ufulu wofunsa boma lanu kuti mndandanda wa thandizo limene lalonjeza aliyense uli kuti, anaulemba ndani, ndipo wokanizidwa amakadandaula kwa yani. Mukhoza kufunsa kuti mankhwala anagulidwa pa mtengo wanji, ndipo angati anafikadi pa shelefu ya chipatala chaching'ono chakutali. Pali nambala imodzi imene WHO imasindikiza ya dziko lililonse, yosonyeza gawo la ndalama zonse za zaumoyo limene limachokera m'matumba a odwala pa tsiku lodwala. Lipoti la WHO la 2010 linapeza kuti gawo limeneli likatsika kufika pakati pa 15 ndi 20 peresenti, mabanja ogwa chifukwa cha mabilu a chipatala amachepa kwambiri, koma m'mayiko ambiri osauka ndi apakati limapitirira 40 peresenti. Ifufuzeni nambala ya dziko lanu ya zaka zingapo zapitazi. Ngati ikukwera pamene msonkho wanu nawonso ukukwera, muli ndi mlandu weniweni woti mupite nawo kwa phungu wanu ndi ku unduna wa zaumoyo.